Tsiku limene galimoto inagwa pa jeke

Papita miyezi yambiri, koma phokoso lija ndimalimvabe nthawi iliyonse ndikagwada pafupi ndi tayala la galimoto. Linali lalifupi ndiponso logonthera, ngati thumba la simenti likagwa kuchoka paphewa la munthu. Pamene ndimaphethira, disiki ya mabuleki inali italowa m'dothi pafupi ndi bondo langa, sipanala idakali m'manja, ndipo mutu wanga unali utangochoka kumene pamalo amene tsopano panali patatsekedwa ndi chitsulo cha galimoto.

Sindine makaniko, koma kwa zaka zingapo ndakhala ndikugwira ndekha ntchito zing'onozing'ono monga kusintha oyilo, kusinthanitsa matayala ndi kuika mapadi atsopano a mabuleki. Ntchito zonsezi ndinkazigwira ndi jeke yobwera ndi galimoto, ija yopindika ngati sizasi, mpaka nditatopa ndi kupukusa kosatha. Ndipo ndinagula jeke ya matayala yopopa ndi mpini, imene amakaniko amaitcha trolley jack. Pogulapo ndinayang'ana chinthu chimodzi chokha, nambala yaikulu yolembedwa pa katoni: matani 2. Galimoto yanga imalemera makilogalamu pafupifupi 1,500, choncho ndinawerengera mumtima kuti jeke yonyamula makilogalamu 2,000 ndi yokwanira n'kutsalako. Masamuwo anali olondola, koma galimoto inagwabe.

## Thabwa pa kambale

Ntchito yoyamba ya jeke yatsopanoyo inali yosintha mapadi a kutsogolo. Pamene ndimaimika galimoto palibe simenti, pali dothi lolimba losakanikirana ndi timiyala. Ndinamasula pang'ono manati tayala lidakali pansi, ndinakoka handibuleki, ndinalowetsa jeke pansi pa msoko wa chitsulo umene uli m'munsi mwa chitseko, n'kuyamba kupopa. Galimoto inadzuka mosavuta, moti ndinadziyamikira kuti ndagula chinthu chanzeru. Koma tayala linakakamira pansi. Thupi la galimoto likamakwera, masipuling'i amayamba atambasuka kaye, tayala n'kumatsalira m'munsi kufikira atatambasuka mpaka pothera. Mpini utauma, kusonyeza kuti jeke yafika pamapeto ake, tayala linali likukhudzabe dothi, ndipo panangotsala kamtunda ka chala chimodzi kapena ziwiri.

Kamtunda kameneko n'kamene kanandipusitsa, chifukwa kanaoneka kochepa kwambiri moti kusiya ntchito chifukwa cha iko kukanakhala ngati ulesi. Ndinatsitsa galimoto, ndinatola chidutswa cha thabwa chonenepa masentimita ngati 5, ndinachiika pa kambale kamene kali kumapeto kwa mkono wa jeke, n'kupopanso. Kambaleko n'kakang'ono, sikaposa kukamwa kwa kapu, kotero thabwa linangokhalapo ndi pakati pokha. Tayala linanyamuka ndipo ndinalichotsa.

Chimene chimandichititsa manyazi n'chakuti ndinaona ndithu kuti thabwalo lapendekeka. Ndinaligwedeza ndi dzanja ndipo silinasunthe, koma likanasuntha bwanji litapanikizidwa ndi galimoto? Masitandi ochirikizira ndinalibe, popeza ndinkaganiza kuti ntchito ya mphindi 20 sifunika zonsezo. Bauti mmodzi wa kumbuyo kwa mabuleki anali wouma. Ndinalowetsa mutu kuti ndimuone bwino, ndinakoleka sipanala, ndinatulutsa mutu, ndinaveka paipi pa sipanalayo kuti italike, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Galimoto inagwedera kamodzi kokha. Thabwa linatumphuka, jeke inagwera cham'mbali, ndipo zotsalazo ndanena kale.

## Funso la alamu

Mtima utakhazikika ndinadzutsa jeke kuti ndinyamulenso galimoto, ndipo apa m'pamene ndinaona zodabwitsa: jekeyo sinathenso kulowa. Itatsitsidwa mpaka pansi inali yaitali mamilimita 135, pamene galimoto yopanda tayala inali itagwada kuposa pamenepo. Jeke imene inali yaifupi pokweza inalinso yaitali polowa.

Ndinaimbira foni mlamu wanga, bambo wachikulire amene anagwira ntchito mu galaja zaka zambiri asanapume. Anabwera ndi jeke yawo yaitali, yaphwatalala kutsogolo, pamodzi ndi chitsulo chafulati choyala pansi. Ndinkayembekeza kuti andikalipira chifukwa cha thabwa lija, koma iwo anangoliyang'ana kamodzi n'kulikankhira kumbali ndi phazi. Chimene anachiyang'anitsitsa ndi dothi, pamene panali timaenje tiwiri tokumbidwa ndi matayala a kutsogolo a jeke yanga.

"Alamu, jeke yanuyi inayenda?"

"Kuyenda kupita kuti, alamu? Inali pomwepa nthawi yonseyi."

"Vuto lake ndi limenelotu. Matayala awa mumayesa anaikapo kuti muziikoka mosavuta?"

Ndinavomera kuti ndi mmene ndinkaganizira. Iwo anaika jeke yawo pa chitsulo chija popanda katundu, anandiuza kuti ndiyang'ane kambale, n'kuyamba kupopa. Kambale sikanakwere molunjika. Mkono wa jeke unamangidwa mbali imodzi ngati chitseko pa mahinjesi, choncho ukamadzuka nsonga yake imayenda mokhota, kukwera m'mwamba uku ikubwerera cha kumpini. Popeza galimoto singatsatire kambale, jeke yonse ndiyo iyenera kuyenda pang'onopang'ono kulowa pansi pa galimoto kuti kambale kakhalebe pamalo pake. Matayala akatitimira m'dothi kapena akakodwa pa kamwala, jeke imalephera kuyenda, ndipo m'malo mwake imayamba kukokera galimoto kwa iyo. Thabwa langa linapendekeka chifukwa pamwamba linagwidwa ndi galimoto pamene pansi linkakokedwa ndi kambale. Sipanala inangomaliza chimene chinali chitayamba kale pa kupopa koyamba.

Alamu analowetsa jeke yawo cha kutsogolo, pansi pa chitsulo chopingasa chimene chimanyamula injini, anakweza, anachirikiza ndi sitandi, ndipo tinabwezera tayala. Pochoka anandiuza kuti ndisagulenso jeke ndisanagwade pansi ndi tepi yoyezera.

## Zimene tepi inandiuza

Ndinachita zimene ananenazo, ndipo ndikuona kuti kusankha jeke kumayambira pamenepa, munthu asanaone jeke ndi imodzi yomwe. Buku la galimoto limasonyeza malo amene anawalimbitsa kuti azilandira jeke. Pa galimoto yanga, kuchoka pansi kufika pamalo amenewo ndinapeza mamilimita 210. Kenako ndinatenga jeke yakale ya sizasi ija, ndinakweza mpaka tayala litasiyana ndi dothi, n'kuyezanso pamalo omwewo: mamilimita 355. Jeke yanga ya matani 2 imathera pa 340. Manambala amenewa analembedwa pa katoni yomweyo, m'zilembo zing'onozing'ono m'munsi mwa nambala yaikulu ija, koma sindinawawerenge chifukwa ndinalibe chowayerekezera nacho.

Ndipo 355 si pothera. Tayala likanyamuka pamafunikabe mpata woti sitandi ilowe, ikwezedwe kufika pa dzino lake loyenera, galimoto n'kutsikirapo. Wofuna kugwira ntchito pansi pa injini amafuna mpata woposa pamenepo. Majeke ang'onoang'ono a matani 2, aja opepuka olemera makilogalamu ngati 10, ambiri amathera pakati pa mamilimita 330 ndi 350, zimene zimakwanira galimoto yaing'ono yotsika. Majeke aakulu a mu galaja amafika cha m'ma 500. Mwini galimoto yaitali miyendo, monga pikapu kapena ina yoyenda m'misewu yokumbika, akagula jeke yaing'ono ija adzapezeka ali ndi thabwa m'manja ngati ine.

Mbali ya pansi nayonso ili ndi msampha wake, chifukwa munthu amayeza galimoto matayala ali ndi mpweya, pamene jeke imafunika kwambiri tayala litaphwa. Manambala a pa tayala amathandiza kuwerengera. Pa tayala lolembedwa 195/65 R15, khoma la m'mbali ndi 65 peresenti ya mamilimita 195, kutanthauza mamilimita ngati 127, ndipo likaphweratu galimoto ikhoza kutsika ndi masentimita pafupifupi 10 pa ngodya imeneyo. Galimoto yotsika kale ikaphwa tayala, jeke yoyambira pa 135 ikhoza kukanika kulowa, pamene zaphwatalala zija zimayambira cha pa 75 kapena 85. Wofuna kunyamula kutsogolo konse nthawi imodzi ayang'anenso utali wa gawo laphwatalalalo, popeza malo onyamulirapo ali mkati ndithu, ndipo jeke ikhoza kulowa koma mpini n'kusowa mpata wopopera chifukwa cha bampala.

## Nanga matani aja?

Matani ndi ofunika, kungoti si amene amavuta. Jeke sinyamula galimoto yonse. Pa galimoto zambiri zimene injini ili kutsogolo ndiponso zimakoka ndi matayala a kutsogolo, mbali ya kutsogoloyo imatenga pafupifupi 60 peresenti ya kulemera konse, choncho pa galimoto yanga ya makilogalamu 1,500 kunyamula kutsogolo konse ndi makilogalamu ngati 900, ndipo ngodya imodzi ndi yocheperapo. Jeke ya matani 2 inali ndi mphamvu zokwanira kawiri. Galimoto zikuluzikulu zopitirira makilogalamu 2,000 zimafuna ya matani 3, chimodzimodzinso zambiri zoyendera magetsi, zimene zimalemera chifukwa cha batire. Batireyo imakhala pansi penipeni, moti kuika kambale pamalo olakwika kukhoza kuiwononga.

Komabe ine ndinagula ya matani 3, osati chifukwa cha mphamvu, koma chifukwa jeke zoterezi zimakhala zotakasuka m'munsi, zazitali, ndiponso za mkono wautali. Jeke yanga yakale inali yopapatiza, n'chifukwa chake itakokedwa inagwera cham'mbali mosavuta. Nambala ya matani ndimaikhulupirira pokhapokha ikatsagana ndi chizindikiro cha muyezo wodziwika, monga EN 1494 wa ku Ulaya kapena ASME PASE wa ku America, popeza nambala payokha aliyense akhoza kuidinda pa katoni. Jeke yopangidwa motsatira miyezo imeneyi imakhala ndi chotetezera chimene chimaikaniza kukweza katundu woposa mphamvu zake.

## Kutsitsa n'kumene kumaonetsa jeke yabwino

Aliyense akamayesa jeke amaipopa kuti aone mmene ikukwerera. Alamu, amene anandiperekeza pokagula yachiwiri, anachita chidwi ndi mmene imatsikira. Pa jeke yanga yakale, kuti nditsitse galimoto ndinkazula mpini, n'kuukoleka pa kabauti kakang'ono ka pambali, n'kupotokola. Kabautiko kamayamba kakana, kenako n'kumasuka mwadzidzidzi, galimoto n'kugwa m'malo motsika. Pa jeke yabwino mpini umakhala pamalo pake, munthu amangoupotokola pang'ono ataimirira, ndipo akhoza kutsitsa galimoto pang'onopang'ono n'kuiimitsa pamene akufuna. Ubwino wake umaoneka pokhazika galimoto pa masitandi, pamene pamafunika kutsitsa pang'ono, kusuzumira ngati sitandi yakhala pakati, n'kupitiriza.

Anakwezanso mkono mpaka m'mwamba n'kuugwedeza uku ndi uku kuti amve ngati ukulendewera, anayang'ana mmene anawotcherera zitsulo, ndipo anaizunguza pansi kuti aone ngati timatayala ta kumbuyo tikutembenuka mosakakamira. Kambale anafuna kotakasuka, kokhala ndi mphira pamwamba. Msoko wa pansi pa zitseko ndi wopyapyala ndipo kambale ka chitsulo chokhachokha kamaupinda, n'chifukwa chake ndinagulanso kamphira kokhala ndi mng'alu pakati, kamene msokowo umalowamo.

Pali majeke a mapampu awiri, amene amafika pa galimoto ndi kupopa kochepa. N'zosangalatsa, koma munthu wokonza galimoto yake kamodzi pa mwezi sangazilirire. Za kulemera ndiye zofunika kuziganizira mofatsa. Yanga ndi ya chitsulo, imapitirira makilogalamu 30, ndipo sindingainyamule kuika m'buti tsiku ndi tsiku. Za aluminiyamu ndi zopepukirapo koma zokwera mtengo. Amene amasunga zida zake pamalo ofunika kukwera masitepe aganizire msana wake, chifukwa jeke yovuta kuitulutsa imamubwezera munthu ku ya sizasi ija. Jeke yooneka ngati botolo ndinaiganizirapo, popeza ndi yamphamvu ndiponso yosatenga malo, koma ndi yaitali polowa ndipo pokhalira pake m'pochepa, moti imayenera kwambiri galimoto zikuluzikulu.

## Kampira kachitsulo ndi mphira

Nditafika nayo kunyumba ndinafuna kudziwa chimene chimagwira galimoto m'mwamba munthu akasiya kupopa. Mfundo yake ndi ija anaifotokoza Blaise Pascal m'zaka za m'ma 1600, yakuti madzi otsekeredwa akapanikizidwa pamalo amodzi, kupanikizikako kumafika mofanana paliponse. Joseph Bramah anaigwiritsa ntchito pa makina ake opanikizira zinthu mu 1795, ndipo Richard Dudgeon wa ku New York analembetsa jeke yonyamulika yoyendera mfundo yomweyi mu 1851. Mpini umakankha kapisitoni kakang'ono, oyilo n'kupita kukakankha pisitoni yaikulu. Ngati nkhope ya yaikuluyo ikuposa ya yaing'ono ka 10, mphamvu imachulukanso ka 10, koma mtunda umene imayenda umachepa ka 10, n'chifukwa chake timapopa kambirimbiri.

Chimene chinandizizira nkhongono ndi chotsatira chake. Oyilo akalowa mu silinda, chimene chimamuletsa kubwerera ndi kampira kachitsulo kokhala pa kabowo, pamodzi ndi timphira tozungulira pisitoni. Kachitsotso kakalowa pansi pa kampirako, kapena mphira ikang'ambika, jeke imatsika, mwina pang'onopang'ono osaoneka, mwina nthawi imodzi. Mutu wanga ndinauika pansi pa galimoto yodalira tinthu timeneti, n'kuwonjezerapo thabwa lopendekeka.

Choncho ndalama ya jeke iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi ya masitandi awiri, ndipo ngati ndalamayo ikuperewera ndi bwino kugula jeke yocheperako kusiyana ndi kusiya masitandi. Matani olembedwa pa masitandi kawirikawiri amakhala a onse awiri pamodzi, osati a imodzi. Nawonso amafuna kusankha: mu 2020 kampani ya Harbor Freight ku America inauza ogula kuti abweze masitandi oposa 1 miliyoni amene inagulitsa, chifukwa kachitsulo kogwira mano kankatha kupulumuka katundu ali pamwamba. Ine ndinasankha okhala ndi chikhomo cholowa m'bowo kuwonjezera pa manowo. Njerwa sizilowa m'malo mwa sitandi chifukwa zimaphwanyika osachenjeza. Tayala limene ndachotsa ndimaligoneka pansi pa galimoto kuti zonse zikakanika igwere pamenepo. Ndimatchinganso matayala otsala pansi, makamaka ndikamanyamula kumbuyo, popeza handibuleki pa galimoto zambiri imagwira matayala a kumbuyo okha, ndipo akanyamuka amenewo palibenso chimene yagwira.

Kasamalidwe kake sikovuta. Jeke imafuna oyilo wake wa hayidiroliki, monga wa ISO 32, osati wa mabuleki, amene amawononga timphira tija. Ikayamba kukwera mofooka ngati siponji ndiye kuti mwalowa mpweya, ndipo munthu amatsegula valavu yotsitsira n'kupopa kangapo kuti utuluke. Posunga imafunika kutsitsidwa mpaka pansi kuti pisitoni ibisike ku dzimbiri.

## Choko

Mapadi aja ndinawasintha patatha sabata ziwiri, pamodzi ndi disiki imene inagunda pansi, chifukwa sindinafune kuikhulupiriranso. Ulendo uno galimoto ndinaiimika pa simenti yosalala, nditasesa timiyala tonse. Msoko wa pansi pa chitseko udakali wopindika pamene kambale kakale kanaukwapula, moti kamphira ka mng'alu kanalowa movutikira.

Ndisanayambe kupopa ndinakumbukira funso la alamu, ndipo ndinatenga choko n'kulemba kamzere pa simenti, pamene panali tayala la kutsogolo la jeke. Ndinapopa pang'onopang'ono maso ali pansi. Kambale katangogwira galimoto, matayala aja anayamba kugudubuzika mwakachetechete, pang'ono pa kupopa kulikonse. Pamene tayala la galimoto limasiyana ndi simenti, jeke inali italowa mkati ndi zala zinayi kuchoka pa mzere wa choko uja.